Mbewu ya Mbatata ya kwa NyaZgambo

Uthenga wa maliro a NyaZgambo unandipeza ndili pamakina, ndikusoka yunifolomu ya ana asukulu pakhonde la sitolo ku Mzimba boma. Anaimba foni ndi apongozi anga, NyaMoyo. Sanapereke moni. Anangoti, "NyaBanda, mnzathu uja watisiya," basi n'kudula. Sindinafunse kuti mnzathu uti. Apongozi anga ali ndi anzawo ambirimbiri, akutchalitchi ndi akumudzi, koma mnzathu wa iwo ndi ine pamodzi anali mmodzi yekha.

Chaka chatha tsopano. Mwezi wapitawu tinakaika mwala pamanda awo, ndipo abusa ananena kuti malemuwo anali mayi wofatsa. Ine ndi apongozi tinayang'anana, aliyense n'kubisa pakamwa ndi nsalu. NyaZgambo anali wachifundo, inde, koma kufatsa kokha ayi. Ndikulemba izi kuti asadzakumbukiridwe molakwika, chifukwa munthu amene ndikumuthokozayu anali wamakani, wofunsa mafunso osapatsa mpata, ndipo nthawi ina ndinakhala miyezi osawayankhula.

Anali namwino komanso mzamba. Anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala cha mishoni ku Embangweni, ndipo atapuma anabwerera kumudzi kwa amuna awo, kummwera kwa mishoniyo, komwenso ine ndinakwatiwa kuchokera kwathu ku Kasungu. Anali wamfupi, wojintcha, wa mawu osasa. Ankavala matenesi achimuna, ndipo ambulera yakuda sinkachoka m'manja mwawo, kaya kuli mvula, kaya kuli dzuwa, kaya kulibe chilichonse. Ndi ambulerayo ankalozera anthu, ankaingitsira agalu, ankagogodera pazitseko za eni.

Dzina loti NyaZgambo ankaitanidwa nalo pamaso. Kumbali anthu ankawatcha Mwamwavichi, chifukwa ndilo funso lomwe ankafunsa mayi aliyense asanamalize n'komwe kupereka moni: mwamwa vichi, kutanthauza kuti mwamwa chiyani. Ukayankha kuti palibe, ankakuyang'ana chete mpaka ukumbukire. Ndiye umakumbukiradi: panado wapagolosale, kapisozi wofiira yemwe anakugawira mnzako, mizu yomwe anakuviikira azakhali, dothi lomwe umanyambita kuseri kwa nyumba. Kwa iwo zonsezo zinali kumwa. Chodabwitsa n'chakuti mizu sankaikalipira kwambiri monga ankachitira anamwino ena. Chomwe chinkawapsetsa mtima chinali kubisa. Ankati chomwe wamwa wamwa kale, sangachisanzitse, koma akachidziwa adziwa poyang'ana.

Ku boma kuno kuli bambo wina wa sitolo, a Twaibu, amene pakhonde pawo ndi pomwe ndimasokera. Iwowa ndi NyaZgambo anakangana kwa zaka. A Twaibu ankagulitsa mapiritsi amutu ndi achimfine limodzi ndi sopo ndi shuga, ndipo NyaZgambo akabwera kudzalandira penshoni ankaima pakauntala, n'kumafunsa mayi aliyense wogula mapiritsi kuti akukamwetsa ndani, wamkulu bwanji. A Twaibu ankadandaula kuti amayiwa akuthamangitsa makasitomala. NyaZgambo ankayankha kuti piritsi la munthu wamkulu silisanduka la khanda chifukwa choti walithyola pakati ndi mano. Mkangano ukatha a Twaibu ankawathirira tiyi, iwo n'kumwa, n'kudandaula kuti shuga wachepa. Lero mayi wobereka mwana kumbuyo akafuna mapiritsi, a Twaibu amayamba afunsa msinkhu wa mwanayo, ndipo ambiri amawabweza kuti apite kuchipatala. Amati anazolowera chabe, koma kumaliro anapita, anatseka sitolo tsiku lonse.

NyaZgambo atapuma ntchito kunabwera anthu akafukufuku ochokera kumzinda. Ankafuna kudziwa zomwe mankhwala osiyanasiyana amachita kwa mwana ali m'mimba, ndiponso akabadwa n'kumakula. NyaZgambo ankatifotokozera nkhaniyi m'njira yawoyawo. Ankati palibe munthu wanzeru zake amene angamwetse dala mayi woyembekezera mankhwala osadziwika kuti aone chomwe chichitike. Komatu amayi oyembekezera amadwala ngati wina aliyense, malungo sasankha, ndipo amamwa mankhwala. Ndiye njira yomwe yatsala ndi kutsatira omwe amwa kale, kuwafunsa mokhulupirika, kenako kuyang'anira ana awo. Akafukufukuwo anawalemba ntchito yoyenda m'midzi kukafunsa amayi.

Apa ndi pomwe panali vuto. Akafukufuku ankafunitsitsa kudziwa za miyezi yoyambirira, pomwe mwana akuumbika, koma kuno miyezi imeneyo pakati sipanenedwa. Mtengwa akazindikira kuti zinthu zasintha m'thupi amangokhala duu. Sauza mnzake, sauza mlamu wake, apongozi ndiye sangayerekeze. Amadikira kuti amayi akuluakulu akuchimuna aone okha, amuitanire m'nyumba, amuuze kuti taona, amulangize. Zikatero nkhani yatseguka. Isanatseguke, kuitchula ndi mwano, komanso ena amaopa kuti maso oipa angamve.

NyaZgambo ankadziseka okha akamakamba za miyezi yawo yoyamba pantchitoyo. Ankati anayenda khomo ndi khomo, anadya nthochi zambiri, anamwa thobwa mpaka kukhuta, koma anabwerako ndi mabodza okhaokha. Aliyense analibe pakati, ngakhale amene ankalavula malovu pamaso pawo. Anatsala pang'ono kusiya ntchitoyo. Njira inadzipezeka yokha tsiku lina kudimba kwawo, kudambo, komwe ankasunga mbewu ya mbatata nthawi yachilimwe. Mtsikana wina anabwera ndi dengu kudzapempha mbewu. Awiriwo atawerama n'kumadula nsonga, osayang'anana kumaso, mtsikanayo anangonena chapansipansi kuti mwezi wamudumpha, ndipo sabata yathayo anamwa mankhwala a malungo.

Chilimwe chotsatira dimba lija analikulitsa kawiri. Anazindikira kuti mtengwa sangapite kuchipatala popanda mudzi wonse kufunsa kuti wadwala chiyani, koma kukapempha mbewu ya mbatata palibe amene amafunsa. Apongozi ake eniakewo ndi amene amamutuma. Posakhalitsa amayi anayamba kudziwitsana kuti ukafuna kunena chomwe sichinenedwa, nyamula dengu upite kwa NyaZgambo. Ena ankapitadi kukafuna mbewu yokha, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkateteza enawo. Mbatata ya mtundu umenewo, yofiira kunja yachikasu m'kati, lero ili paliponse m'dera lathu, ndipo amuna ambiri mpaka pano amaganiza kuti akazi awo ankangoikonda kukoma.

Ine ndinapita ndi dengu langa m'chaka choyamba cha ukwati. Ndimadwala khunyu kuyambira ndili mtsikana, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditakhala zaka osagwa chifukwa cha mapiritsi omwe ndinkamwa tsiku ndi tsiku. Amuna anga ankadziwa, apongozi ankadziwanso, ndipo sananditonzepo. Amuna angawo atabwerera ku Joni komwe ankagwira ntchito, ndinazindikira kuti andisiya ndi pakati. Ndinakhala chete monga mwa mwambo. Koma apongozi anga maso awo ndi akuthwa. Anaona kuti ndasiya kudya usipa, anaona kuti ndikugona masana. Tsiku lina pobwera kumjigo ndinapeza botolo la mapiritsi palibe pawindo pomwe ndinkaliika.

Ndinadziwa amene walitenga, iwonso anadziwa kuti ndadziwa. Koma ndikanafunsa bwanji? Kufunsa za botolo kunali kufunsa chifukwa chake, ndipo chifukwa chakecho chinali nkhani yomwe sinatseguke. Tinkadya limodzi, tinkapatsana moni mwaulemu, ine n'kumagwada popereka madzi, aliyense akusunga chinsinsi chomwe mnzake akuchidziwa. Patapita masiku ndinagwa kukhitchini ndikukazinga chimanga. Mwayi wake ndinagwera kumbali, moto unangondipsereza chigongono. Apongozi anandisambitsa, anandipaka mafuta pabalapo akulira, koma za botolo sanatchule. M'mawa mwake ndinawapempha kuti ndikatenge mbewu ya mbatata, ndipo anavomera mofulumira kwambiri. Ndikamaganiza lero ndimaona kuti nawonso ankafuna wina atithandize.

Ndinawapeza NyaZgambo atakhala pa chidebe chovundikira, chomwe chinali mpando wawo wakudimba. Anayang'ana dengu, anayang'ana chigongono, n'kundipatsa mpeni. Titawerama anafunsa funso lawo lija. Ndinayankha kuti vuto langa si zomwe ndamwa, koma zomwe ndasiya kumwa. Ndinafotokoza zonse. Anaweramuka, anapukuta manja pachitenje, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mantha pankhope pawo.

"Mwana wane, izi si za mawa yayi," anatero. "Nyamulani dengulo. Tikupita kwanu sono."

Ndinawachonderera kuti asandichititse manyazi kwa apongozi. Anati ndisiye kulira ndiyende, manyazi sapha munthu koma moto umapha. Njira yonse ndinkaganiza kuti akafika ndi ukali wawo wa pasitolo ya a Twaibu, akaloza apongozi ndi ambulera, ukwati wanga n'kuthera pomwepo.

Sizinatero. Atafika anaodira ngati mlendo wamba, anakhala pamphasa, anafunsa za ng'ombe, za chimanga, za mwana ali ku Joni. Ine ndinakhala chapatali, mutu pansi. Kenako anatsitsa mawu n'kuyamba kuyankhula m'Chitumbuka chomwe nthawi imeneyo ndinkangomva theka. Sanatchule pakati. Anauza apongozi kuti chomwe iwo aona lero kudimba, NyaMoyo anachiona kale, chifukwa mwini nyumba ndiye amayamba kuona. Anati sanabwere kudzatsegula nkhani ya eni, alibe mphamvu imeneyo. Abwera kudzapempha mwini nkhaniyo kuti aitsegule lero, osadikira miyezi, chifukwa pali zina zofunika kukafunsa kuchipatala zomwe sizingafunsidwe nkhani ili yotseka.

Apongozi anadzuka. Anatuma mwana kukaitana alamu awo aakazi, ndipo masana omwewo, mimba isanaoneke n'komwe, anandiitanira m'nyumba n'kundiuza kuti taona. NyaZgambo anatsala panja, akusenda mtedza wa eni ake ngati sizikuwakhudza. Titatuluka, apongozi analowa kuchipinda kwawo n'kubwera ndi botolo lija. Sanalitaye. Analibisa mumtsuko wopanda madzi.

"Ine ndinapita padera kawiri," anatero apongozi, akuyang'ana pansi. "Kawiri konseko ndinali nditamwa mapiritsi owawa. Sindinafune kuti mkamwana wane aone zomwe ndinaona."

"Mantha anu ndi oona, NyaMoyo," anayankha NyaZgambo. "Alipo mankhwala oononga mwana, alipo osaononga. Awa ali mbali iti, inu simukudziwa, nanenso sindikudziwa. Mbwenu tiyeni tose tikafunse."

Tinapita atatu pangolo ya ng'ombe mpaka pamsewu, kenako pagalimoto yamatola. Dokotala anawerenga dzina la pabotolo. Anati mtundu umenewu amayesetsa kusaupereka kwa mayi woyembekezera ngati pali wina woti n'kumupatsa, chifukwa umatha kuvulaza mwana. Koma anatinso kusiya mwadzidzidzi monga ndinachitiramu kukanatha kutipha tonse awiri, ine ndi mwanayo. Anandipatsa mtundu wina, anandiuza kamwedwe kake, n'kundilembera masiku obwerera pafupipafupi. Pobwerera apongozi ankayenda mutu uli m'mwamba, kumauza NyaZgambo kuti mwamva nokha, ndinkanena ine. NyaZgambo anawayankha kuti theka akhoza, theka linalo akanaika maliro awiri, ndipo popeza amadziwa kusunga mabotolo, kuyambira tsiku limenelo asunge latsopanoli ndi kumandimwetsa okha. Apongozi anaigwira ntchito imeneyo ngati ya boma. Panalibe tsiku lomwe ndinadumphitsa.

Koma ine mtima sunakhale pansi. Masabata oyambirira aja ndinali nditamwa kale mapiritsi akalewo. Ndinabwerera kudimba n'kuwafunsa NyaZgambo ngati mwana wanga adzabadwe bwino. Ndinkafuna andiuze kuti inde, monga momwe mayi aliyense wachifundo akanachitira.

"Nkhumanya yayi," anatero. "Sindikudziwa. Ambiri amabadwa bwino, ena ayi, ndipo palibe angakuuzeni lero kuti wanu ali mbali iti. Ndikakunamizani lero, mawa mudzandikhulupirira bwanji?"

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti alibe chisoni. Sanadziteteze. Anangoti chomwe angalonjeze n'chakuti sindidzadikira ndekha, ndipo chilichonse chomwe chidzaoneke adzakhala woyamba kundiuza. Pomwepo anandifotokozera za akafukufuku aja, n'kufunsa ngati ndingalole kuti ine ndi mwanayo tizitsatiridwa. Ananena kawiri kuti ndikhoza kukana, ndipo ndikakana chithandizo changa kuchipatala sichisintha ngakhale pang'ono, mbewu ya mbatata ndizilandirabe. Ndinavomera ndili wokwiya. Miyezi yotsatirayo inali yaitali kuposa ina iliyonse pamoyo wanga, koma panalibe sabata lomwe ambulera yakuda ija sinagogode pachitseko chathu.

Mwanayo anabadwa m'mawa, nthawi yachisanu. Aliyense wodziwa chisanu cha ku Mzimba akudziwa kuti khanda salivula wamba, koma NyaZgambo atafika anatseka mawindo, anaotha manja awo m'khwapa, n'kulivula lonse. Analitembenuza chafufumimba n'kuyendetsa chala pamsana kuyambira m'khosi mpaka pansi, pang'onopang'ono. Anayang'ana m'kamwa. Anayang'ana makutu. Kenako anawerenga zala zam'manja ndi zakumapazi chimodzichimodzi, mokweza. Ine ndinali nditatseka maso, apongozi atandigwira phazi. Atamaliza anati, "Zose zilipo." Apongozi anakhala pansi pasimenti n'kuyamba kulira, ndipo dzina analitchula pomwepo osadikira mwana wawo wa ku Joni. Anati ndi Wongani.

Ndikanakonda kuti nkhani ithere apa, koma NyaZgambo sakanalola. Ankati kubadwa ndi zala zonse ndi chiyambi chabe, zina zimaoneka mwana akamakula. Ankabwera ndi chikwama chokhala ndi kapu, supuni, mpira ndi belu, n'kumasewera ndi Wongani pamphasa, kuona ngati akutsatira ndi maso, ngati akugwira, ngati akutembenuka belu likalira. Kukhala anakhala bwino, kuyenda anayenda pa nthawi yake. Koma kuyankhula kunachedwa. Anzake obadwa nawo ankaitana amayi awo, ankatukwana nkhuku, wanga ankangoloza ndi chala.

Apa ndi pomwe ine ndi NyaZgambo tinayambana. Ndinawapempha kuti izi zokha asakanene kwa akafukufuku. Ndinkaopa kuti zikamveka anthu adzati nanga mwana wa wakhunyu mumati atani. Anandikumbutsa kuti dzina la mwana silipita kulikonse, ndipo m'mudzi sangauze munthu. Anatinso ngati ndafuna kutuluka mu kafukufukuyo nditha kutuluka tsiku lomwelo, palibe angandiletse. Koma kuti ndikhalemo iwo n'kumanena kuti zonse zili bwino pomwe sizili bwino, zimenezo anakana. Anati akamanena zabwino zokhazokha ndiye kuti akunamiza mtsikana wina amene sanakwatiwe n'komwe, amene tsiku lina dokotala adzamusankhire mankhwala potengera zomwe ife tanena. Ndinawauza kuti mtsikana ameneyo sindimudziwa, ndimadziwa mwana wanga. Kutuluka sindinatuluke, koma ndinasiya kuwayankhula. Akabwera ndinkapita kumunda, n'kusiya mwana ndi apongozi.

Iwo sanasiye kubwera. Anakonza zoti mwanayo akapimidwe makutu, ndipo anapezeka kuti akumva. Analangiza apongozi kuti azimuyankhula tsiku lonse, chilichonse chomwe akuchita azichinena. Apongozi anga, omwe mwachibadwa si olongolola, anasanduka wailesi. Unkawamva kuseri akuti tsopano tikutong'ola chimanga, ichi ndi chitsononkho, iyo ndi nkhuku ya a Shaba, ndi yakuba. Mvula itagwa ndinapeza mtolo wa mbewu ya mbatata pakhomo panga, wopanda uthenga uliwonse. Ndinaubzala, koma moni sindinatumize.

Tsiku lina ndinachedwa kuthawa, anandipeza pakhomo. Anakhala pamphasa, anakoka Wongani n'kutenga dzanja lake kuti awerenge zala monga mwa chizolowezi chawo. Mwanayo analanda dzanja lake, anawayang'ana m'maso, n'kunena momveka bwino kuti, "Yayi." Amenewo ndiwo anali mawu ake oyamba. NyaZgambo anaseka mpaka kutsokomola, ine ndinaseka ndikulira, ndipo mkangano wathu unathera pamphasa pomwepo popanda wopepesa. Atapukuta misozi NyaZgambo anati izinso akanena kwa akafukufuku.

Ndinawafunsa pambuyo pake ngati mapiritsi aja ndi amene anachedwetsa mwanayo. Yankho mukulidziwa kale. Anati mwina ndi iwo, mwina ayi, pakuti mdzukulu wawo weniweni anachedwanso kuyankhula mayi ake asanamwepo kanthu. Mwana mmodzi sangakuuze, ndi chifukwa chake amatsatira ambiri. Ankadana kwambiri ndi mawu oti ine ndinamwa koma sindinaone vuto, ndiponso ankadana chimodzimodzi ndi oti uje anamwa ndipo mwana anafa. Onse awiri ankawafunsa kuti nanga enawo mwawafunsa?

Ngakhale akafukufukuwo sanapulumuke pakamwa pawo. Ntchito itatha, atamva kuti akulongedza katundu, anawauza kuti amayi awa anakuuzani zomwe sanauze ngakhale amuna awo, ndiye simungachoke ngati alendo oba mbale. Anaumirira kuti abwere adzatiuze zomwe apeza, m'Chitumbuka, osati m'mapepala achingerezi. Anabweradi patapita nthawi, tinasonkhana pabwalo la tchalitchi, ndipo anatiuza zomwe anaphunzira ndi zomwe sanathe kudziwa, zomwe zinalinso zambiri. NyaZgambo anakhala kutsogolo ndi ambulera yawo, ndipo mafunso ovuta kwambiri anafunsa ndi iwo, ngati kuti sanagwire nawo ntchito. Pomaliza anaimirira n'kuti yewo chomene, mwachita zaulemu.

Malipiro atatha dimba silinathe. Anapitiriza kusunga mbewu, amayi anapitiriza kubwera ndi madengu, iwo n'kumawatumiza kusikelo msanga, ena n'kuwaperekeza kwa apongozi awo monga anachitira ndi ine. Miyendo itayamba kuvuta ankangokhala pachidebe paja, n'kumaloza ndi ambulera mzere woti udule. Ife titasamukira ku boma tinkapita kukawaona patchuthi. Wongani anakula n'kukhala wolongolola kuposa aliyense m'banja mwathu. Masamu amamuvuta, ndipo sindidziwa ngati ndi mapiritsi aja kapena watengera bambo ake, ndinaphunzira kukhala osadziwa. Koma ngakhale atatalika kuwaposa, akafika pakhomo la dimba ankatambasula manja onse awiri asanapereke moni, NyaZgambo n'kuwerenga zala chimodzichimodzi ndi nkhope yoopsa, ngati kuti china chikhoza kusowa pakati pa teremu. Akamaliza ankati zose zilipo, kenako n'kutembenukira kwa ine ndi funso lawo lija.

Ndimawathokoza chifukwa cha moyo wanga ndi wa mwana wanga, zimenezo n'zosachita kufunsa. Ndimawathokozanso chifukwa cha apongozi anga. Akanafika tsiku lija ndi ukali, bwenzi ine ndi NyaMoyo tili adani mpaka lero, koma anatisiya tili anthu awiri osunga botolo limodzi. Ndipo ngakhale zinanditengera zaka, ndimawathokoza chifukwa chokana kundinamiza.

Mwambo wa mwala utatha, anthu akudya, ine ndi Wongani tinabwereka dengu n'kutsetserekera kudambo. Mpanda wa dimba unagwa mbali imodzi, ndipo ng'ombe zinalowa n'kuponda mizere yakumunsi. Kumtunda mbatata yakula yokha popanda woidula nsonga, yayanga kudutsa mizere, yatseka kanjira, yakwera mpaka pachitsime chomwe ankatungapo madzi othirira. Chidebe chija chili pomwe chinali, chovundikira, chachita dzimbiri, pamwamba pake pali pobonyoka pomwe ankakhala. Mpeni wawo tinaupeza utasomekedwa pamtengo wa mpanda.

Wongani analongolola njira yonse, koma titafika pakhomo la dimba anasiya. Ndinaona manja ake akutambasuka okha, onse awiri, kuloza kuchidebe kuja. Anakhala choncho kanthawi, kenako anazindikira, n'kuwabisa m'khwapa ngati wamva chisanu. Ndinazula mpeni uja, tinawerama, tinadula mbewu mpaka dengu linadzaza, ndipo palibe amene anatifunsa kuti tamwa chiyani.